Kodi chigwa chathu chinakumbidwa ndi mwala wochokera kumwamba?

Aphunzitsi ena a ku Ngabu andilembera imelo. Akuti ana awo anaona pa Facebook zoti chigwa cha Shire ndi dzenje la chimwala chomwe chinagwa kuchokera kumwamba, ndiye atawafunsa iwo anasowa choyankha.

Aphunzitsi, funso lanuli landifika pamtima. Inenso ndinakulira kunsi kuno. Nyenyezi ikathothoka usiku, agogo ankatilowetsa m'nyumba, amvekere ndi afiti akudutsa. Kusukulu nako tinkaloweza mitsinje ya ku Ulaya, koma panalibe wotiuza chifukwa chomwe msewu wochokera ku Blantyre umatsetsereka chonchija pofika pa Thabwa. Mpaka lero zimandiwawa. Mwana azimwa madzi amchere a pamjigo tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti nthaka yakwawo inakhala bwanji? Ayi, timawalakwira anawa. Nkhani zabodza zimamera pamene ife akulu sitinadzalepo kanthu.

Miyala yochokera kumwamba imagwadi. Wina unagwa ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Koma wogwedeza dziko ndi wa ku Vredefort, ku South Africa, womwe unagwa zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo. Unapinda miyala ya pansi penipeni, ndipo akatswiri amati kupindikako kunathandiza kuti miyala ya golide ya ku Witwatersrand, dera la migodi la ku Joni, isakokoloke. Tangoganizani, golide yemwe azigogo athu ankakakumba ku Joni uja!

Komabe chigwa chathu si dzenje lotero, ndipo apa sindisuntha. Dzenje la mwala limakhala lozungulira, pamene chathuchi n'chachitali. Tili kumchira kwa mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, womwenso muli nyanja ya Malawi. Nthaka inakokeka n'kung'ambika, mbali yathuyi inatitimira, mapiri a Thyolo n'kutsala m'mwamba. N'chifukwa chake madzi a Ruo ndi Mwanza amathera kuno, nafe n'kumasamuka. Ngakhale phiri la Salambidwe ku Chikwawa, lozungulira lija, linachokera ku chiphalaphala cha pansi, monganso Mulanje ndi Zomba, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Ndiye anawo muwauze chiyani?

Auzeni kuti kuzungulira kokha si umboni. Akatswiri amapima mwala kuti aone ngati unaswekamo mwa mtundu womwe chiphalaphala sichingachite. Anawo akatola mwala wakuda, wolemera modabwitsa, wokoka maginito, asauswe. Lembani malo omwe autola, mukauonetse ku ofesi ya Geological Survey ku Zomba.