Kanyali ka sensa kakuyaka, koma PLC siikumva

FUNSO: Ndikuphunzira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina yoika zakudya m'zitini ku Workington, mumzinda wa Harare. Sensa yowerenga zitini pa lamba inafa, ndiye ndinagula ina ku Graniteside yofanana nayo kukula, n'kulumikiza mawaya ake atatu momwe akale aja analili. Chitini chikadutsa kanyali ka pa sensa kamayaka, koma ka pa PLC yathu (kakompyuta koyendetsa makina), Siemens S7-1200 CPU 1214C, kali zii. Mnzanga akuti ndichotse waya wa pa 1M (polumikizira pa PLC pamene pamakumana makomo onse olowera uthenga) ndiuike ku 24V. Nditero?
Wowerenga wa ku Mufakose

YANKHO: Achimwene, waya wa pa 1M musaukhudze kaye. Tengani sensa yakale ija ndi yatsopanoyo muwerenge zolembedwa pathupi pake kapena pabokosi. Ndikukhulupirira kuti yakale inali PNP ndipo mwagulayo ndi NPN.

Mitundu iwiriyi imafanana kunja konse, mpaka mawaya omwe: wabulauni umapita ku 24V, wabuluu ku 0V, wakuda ndiwo umanyamula uthenga kupita ku input, khomo lolowera uthenga mu PLC. Kusiyana kuli mkati. Sensa ya PNP ikaona chitsulo imatulutsa 24V pa waya wakuda. Ya NPN ikaona chitsulo imalumikiza waya wakudawo ku 0V. Kanyali ka pa sensa kamangokuuzani kuti yaona chitini, sikanena kuti yatumiza chiyani.

Tsono pa makina anu 1M ayenera kuti ali ku 0V, monga zimakhalira pa makina ambiri ochokera ku Ulaya. Zikatero input imadikira magetsi obwera kuchokera kunja, ndipo pa S7-1200 imafuna osachepera 15V kuti iwerenge kuti yayaka. Inu mukuipatsa 0V pamene mbali inayo ilinso pa 0V, ndiye palibe chimene chikuyenda.

Zolembedwa zikakhala kuti zinafufutika, chotsani waya wakuda pa PLC, siyani sensa ili ndi magetsi ake, muyeze ndi mita pa DC. Mukaika chitini kutsogolo kwake n'kupeza pafupifupi 24V pakati pa wakuda ndi wabuluu, imeneyo ndi PNP. Ikakhala kuti 24V ikubwera pakati pa wabulauni ndi wakuda, ndi NPN.

Mnzanuyo sakunama kwenikweni. S7-1200 imalola njira zonse ziwiri, ndipo 1M akapita ku 24V sensa yanu iyamba kumveka. Vuto ndi lakuti pa CPU 1214C ma input onse 14 amagwiritsa ntchito 1M yemweyo. Mukamusuntha, mabatani oyatsira ndi ozimitsira, ma limit switch ndi masensa ena onse a PNP asiya kumveka nthawi imodzi. Mwachiza chala n'kuthyola mkono. Palinso chifukwa china chimene ine ndimakondera PNP pa makina oyenda. Waya wakuda ukanyuka n'kukhudza chitsulo cha makina, chomwe nthawi zambiri chimakhala cholumikizidwa ku 0V, uthenga umangozima. Pa NPN kukhudza komweko PLC imakuwerenga ngati sensa yaona kanthu, ndipo lamba akhoza kunyamuka munthu ali pafupi. Zimenezo sindizitenga mopepuka.

Njira yabwino ndi kubwerera kusitolo kukasinthitsa ndi ya PNP. Tengani yakale ija m'manja, ndipo muonetsetsenso ngati inali NO (yotumiza uthenga ikaona chitini) kapena NC (yotumiza uthenga pamene palibe chitini), chifukwa mukasemphanitsa pamenepo pulogalamu idzawerenga mipata m'malo mwa zitini.

Ngati akana kusintha ndipo abwana akufuna lamba ayende lero, ikani relay (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi) yaing'ono ya 24V DC yokhala ndi diode. Coil yake (mbali yolandira magetsi oiyendetsa) ikhale pakati pa 24V ndi waya wakuda wa sensa, ndipo contact yake (mbali yotseka ndi kutsegula) itenge 24V kupititsa ku input. Izi zimagwira, koma pa lamba wothamanga relay imachedwa ndipo imatha msanga chifukwa imatseka ndi kutsegula pa chitini chilichonse. Ikhale ya masiku ochepa podikira sensa yoyenera, ndipo mulembe pa chithunzi cha mawaya cha mu panel (bokosi la zamagetsi la makina) kuti mwaikamo chinthu chatsopano.

Mukapeza kuti zonse ziwiri ndi PNP, yang'anani kumene sensa ikutenga magetsi. Ikakhala pa power supply yakeyake, 0V yake iyenera kulumikizidwa ndi 1M, apo ayi PLC siiona kanthu ngakhale 24V ikutuluka bwinobwino.

Pomasula ndi pomanga mawaya mu panel, zimitsani isolator (swichi yaikulu yodula magetsi a makina) muikepo loko, kiyi akhale m'thumba mwanu. Kuno ku Harare anthu ambiri amalowa mu panel podalira kuti magetsi azimitsidwa m'dera lonse, pamene akhoza kubwera nthawi iliyonse kapena wina akhoza kuliza jenereta osakuuzani. Sensa ndi ya 24V, koma pafupi pomwepo pamadutsa mawaya a mota a three-phase.