Mwana wanu akufuna kukonza dongosolo la malabotale oyeza chifuwa chachikulu: kodi ndi ntchito yeniyeni?

Mayi wina wandilembera ali ndi nkhawa. Mwana wawo wamkazi ankalakalaka udokotala, koma anamusankha kukaphunzira sayansi ya za mu labotale. Tsopano wabwera ku tchuthi ndi nkhani ina: akuti mphunzitsi wawo anawafotokozera za anthu amene amakonza dongosolo la malabotale a dziko lonse kuti chifuwa chachikulu chizipezeka msanga, ndipo mtima wake wagwera pomwepo. Mayiwa akufunsa kuti, "Kodi imeneyi ndi ntchito yeniyeni, kapena mwanayu akungodzitonthoza poti udokotala wamukanika? Nanga satenga matenda m'makhololo a anthuwo?"

Mayi, ntchitoyi ndi yeniyeni, ndipo ndikufuna muione ndi maso anu.

Taganizirani bambo amene watsokomola kwa milungu itatu, usiku akudzuka atanyowa ndi thukuta, lamba akumangira pa bowo lomaliza. Wafika pa chipatala chaching'ono. Amupatsa kabotolo kachivindikiro, akuti akalavuliremo makhololo panja popita mphepo. Namwino walembapo dzina ndi tsiku. Koma makina oyezera ali ku chipatala china chakutali, ndipo wa njinga yamoto wonyamula timabotolo amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Bamboyu wabwera Lachitatu. Kabotolo kadikira masiku awiri. Kakafika uko, magetsi athima pakati pa kuyeza, ndiye kuyambiranso. Zotsatira zatuluka, koma pepala ladikiranso njinga ija. Pamene likufika, mwini wake anabwerera kalekale kunyumba, kumene akugona chipinda chimodzi ndi ana ake. Dokotala wa pa chipatala chija, ngakhale akhale katswiri wotani, manja ake ndi omangika. Amene akanafupikitsa ulendo wa kabotolo kaja ndi munthu amene mwana wanu akufuna kudzakhala.

Vutoli si laling'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala chifuwa chachikulu, ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira nacho. Amene anapezeka ndi kulembedwa m'makaundula anali 8.2 miliyoni. Otsalawo, oposa 2 miliyoni, ena anathandizidwa osalembedwa, ena sanayezedwe n'komwe. Chonsecho awa ndi matenda ochizika, ndipo ambiri amachira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi.

Kachilombo kake kanadziwika kalekale. Robert Koch anakalengeza ku Berlin pa 24 March 1882, ndipo n'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira matendawa pa tsikuli. Kwa zaka zoposa 100 chida chachikulu chinali maikulosikopu: kupaka makhololo pa kagalasi, kuthira utoto, n'kusakasaka tindodo tofiira. Njirayi ndi yotchipa, koma imafuna tizilombo masauzande m'makhololo ochepa chabe kuti tioneke, choncho imaphonya anthu ambiri, makamaka ana ndi amene ali ndi HIV. Komanso singakuuzeni ngati tizilomboto tikumva mankhwala. Mu December 2010 WHO inavomereza njira ya Xpert MTB/RIF yoyezera pa makina a GeneXpert, imene imapeza chibadwa cha kachilomboko pasanathe maola awiri, n'kunenanso ngati sikakumva mankhwala a rifampicin. Mu 2020 inavomerezanso njira ina yoyezera yotchedwa Truenat ya ku India, imene imayendera batire.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti makina akagulidwa, nkhani yatha. Ayi ndithu. GeneXpert imafuna magetsi osadukizaduka, simvana ndi fumbi, ndipo m'chipinda mukatentha kupitirira madigiri 30 imayamba kuvuta. Timakatiriji toyezera, timene amathiramo makhololo n'kulowetsa m'makina, tili ndi tsiku lothera mphamvu. Makina olowa timakatiriji tinayi nthawi imodzi angathe kuyeza anthu oposa khumi pa tsiku, koma mukawaika pamalo pamene pamabwera timabotolo tiwiri kapena titatu, akhala akungodya fumbi pamene kwina anthu ali pa mzere. Ndiye pafunika wina akhale pansi ndi mapu, aone kumene anthu achuluka, kumene matenda akupezeka kwambiri, misewu imene imaduka m'nyengo ya mvula, n'kunena kuti makina awa apite apa, zipatala zazing'ono khumi izi zizitumiza kuno, njinga izidutsa masiku akutiakuti. Ku Uganda anakonza dongosolo lotere, pamene chipatala chimodzi chimakhala likulu ndipo a njinga zamoto amazungulira zipatala zozungulira kutolera zoyeza. Makina a GeneXpert omwewo amayezanso kuchuluka kwa HIV m'magazi, kotero wokonza dongosolo ayenera kugwirizanitsa nthambi zimene kale sizinkalankhulana.

Pamwamba pake pali labotale yaikulu ya dziko. Kumeneko amamereza tizilombo kuti aone mankhwala amene angatiphe. Iyi ndi ntchito ya odekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha: kachilombo aka kamakula pang'onopang'ono, moti m'madzi apadera a njira ya MGIT amadikira masiku 42 asananene kuti mulibe kanthu, ndipo pa njira yakale ya Löwenstein-Jensen ndi milungu isanu ndi itatu. Wodwala chifuwa chosamva mankhwala a isoniazid ndi rifampicin amadalira labotale imeneyi. Nayonso ili ndi woiyang'anira. Kuyambira 1994 WHO ili ndi malabotale akuluakulu othandiza mayiko angapo nthawi imodzi, ndipo ena mwa iwo ali ku Kampala, ku Johannesburg ndi ku Antwerp.

Za mantha anu aja, mayi, sindikunamizani. Chifuwa chachikulu chimayenda mu mpweya, ndipo wogwira makhololo ayenera kusamala tsiku lililonse. Koma malamulo ake ndi odziwika bwino: chipinda chopita mphepo, chophimba kukamwa ndi mphuno cha N95, kabati yapadera yokoka mpweya pomereza tizilombo, ndi kumanga timabotolo m'zotengera zitatu pozitumiza. Mukamufunsa mwana wanu ngati akuphunzitsidwa zimenezi, ndipo iye n'kukufotokozerani mosadodoma, mtima wanu ukhale m'malo.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, mwana wanga, poti ndikudziwa kuti amayi akuonetsa yankholi.

Palibe amene amachoka m'kalasi n'kupatsidwa mapu a dziko kuti akonze. Uyambira pa tebulo la labotale, ndipo usakunyoze kumeneko. Amene sanaonepo kabotolo kofika katatayikira m'thumba, kapena fomu yopanda nambala ya foni ya wodwala, amakonza mapulani okongola pa pepala koma osayenda. Khala pamenepo zaka zingapo, dzanja lizolowere, maso atseguke. Choyamba tsimikiza kuti maphunziro ako ndi ovomerezeka ndi bungwe lolembetsa ogwira ntchito za chipatala m'dziko lako, chifukwa popanda chiphaso chawo sungaloledwe kugwira zoyeza za odwala.

Uli pomwepo, yamba kuwonjezera zinthu zimene anzako ambiri amazithawa. Chachikulu ndi manambala. Dziwa Excel mpaka ikuzolowere, kenako masamu a kafukufuku. Phunziranso kujambula mapu pa kompyuta. Pulogalamu ya QGIS ndi yaulere ndipo ungathe kuyamba wekha. China ndi za kuonetsetsa kuti zotsatira ndi zodalirika. Muyezo umene malabotale a zipatala amayesedwa nawo ndi ISO 15189, ndipo mu Africa muli maphunziro a kayendetsedwe ka labotale a SLMTA, amene anayamba mu 2009, komanso ndondomeko ya SLIPTA imene imapatsa labotale nyenyezi mpaka zisanu. Ukamva kuti pa ntchito pako akufuna wosunga mafayilo a zimenezi, kweza dzanja msanga. Ndi ntchito yotopetsa, ndikuvomereza, koma ambiri amene ndawaona akukwera anadzera khomo limeneli. Uphunzirenso kuwerengera katundu, kuti timakatiriji tisathe mwadzidzidzi kapena kuthera mphamvu m'sitolo. Digiri yachiwiri, kaya ya umoyo wa anthu onse, kaya ya kufala kwa matenda, kaya ya tizilombo, ibwere pambuyo, utadziwa funso limene likukusowetsa tulo.

Olemba ntchito ndi unduna wa za umoyo kudzera mu nthambi yolimbana ndi chifuwa chachikulu ndi labotale yaikulu ya dziko, kenako mabungwe monga WHO, FIND ya ku Geneva imene imaona za njira zoyezera matenda, ndi ASLM, bungwe la akatswiri a malabotale mu Africa limene linakhazikitsidwa mu 2011. Ndikuuze zoona: mipando yokonza mapulani ndi yochepa, ndipo yambiri m'mabungwe imadalira ndalama za opereka thandizo monga Global Fund, choncho imakhala ya kontalakiti ya zaka zowerengeka. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti luso la pa tebulo usalitaye. Limakusunga pamene pulojekiti yatha.

Ukapita kukaphunzira ntchito pa chipatala chaka chino, pempha chilolezo kwa mkulu wa labotale kuti uone kaundula wa oyezedwa chifuwa chachikulu. Usakopere dzina la munthu aliyense. Tenga anthu 50 omaliza, ndipo pa aliyense lemba masiku atatu: tsiku limene anapereka makhololo, limene zotsatira zinatuluka, ndi limene anayamba mankhwala ngati anapezeka nacho. Werengera masiku a pakati. Ona zipatala zimene timabotolo tawo timachedwa kwambiri, ufunse wa njinga chimene chimamuchedwetsa. Zimene upeze uzilembe pa tsamba limodzi, ukapereke kwa mkulu uja mwaulemu, ndipo pepala lina usunge kuti udzalionetse tsiku limene adzakuitane ku mafunso a ntchito.