Musamatule masitampawo pa maenivelopu

Achimwene, mwafunsa ngati makalata amene agogo anu ankalandira kuchokera ku Nyasaland ali ku migodi kuno ku Joni angagulidwe pa okushoni, komanso ngati muyambe mwachotsa masitampa. Chonde musawaviike m'madzi. Ogula zinthu zakalezi amafuna enivelopu yathunthu, chifukwa chidindo cha positi ofesi n'chimene chimanena kumene kalata inachokera ndi tsiku lake. Chidindo cha Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, kapena Port Herald, lero Nsanje, chikamawerengeka bwino chimakoka anthu kuposa sitampa yokha.

Koma musayembekezere mamiliyoni. Masitampa a Nyasaland a nthawi ya Mfumu George VI ndi a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anasindikizidwa ochuluka, ndipo ambiri ndi otsika mtengo. Osowa ndi ena a kale kwambiri, monga ena a 1891 odindidwa zilembo za B.C.A. (British Central Africa, dzina lakale la Nyasaland) pamwamba pa masitampa a British South Africa Company, kapena a 1898 opangidwa ndi chidindo cha macheke pamene masitampa a kobiri imodzi anatha. Amenewa achinyengo anawakopera, n'chifukwa chake wogula wanzeru amafunsa satifiketi ya akatswiri.

Yambani mwayang'ana m'katalogu ya Stanley Gibbons, buku la mitengo ya masitampa, mukudziwa kuti pa okushoni mitengo imakonda kutsika kuposa yolembedwamo. Kenako funsani okushoniyo kuti amadula zingati pa ndalama yanu. Pakali pano sungani makalatawo pouma, kutali ndi dzuwa, osawamata ndi selotepi.