Mashopu pamwamba pa mtsinje: yankho langa pa za mlatho wa ku Florence

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anaona chithunzi cha mlatho wa ku Italy wokhala ndi tinyumba tolendewera pamwamba pa madzi, ndiye akufunsa kuti: "Kodi anthu amenewa anasowa malo kumtunda? Nanga mlathowo suthyoka bwanji ndi katundu yenseyo?"

Zikomo mayi. Mlatho munauonawo ndi Ponte Vecchio, kutanthauza mlatho wakale, ndipo uli pamtsinje wa Arno mumzinda wa Florence. Malo sanasowe ayi. Wamalonda amatsata pamene pakudutsa anthu, ndipo pamenepa ndi pomwe khamu linkaolokera. Akuluakulu a mzinda nawo ankalandira lendi ya mashopuwo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima. Mu 1333 madzi osefukira anakokolola mlatho umene unalipo. Pomanga watsopano, womwe unatha mu 1345, amisiri sanatsate kamangidwe ka Aroma kopinda miyala kwambiri, komwe kamafuna zipilala zambirimbiri m'madzi. Iwo anaipinda pang'ono chabe, ngati uta wosakunga. Motero mipata yodutsa madzi kunsi kwa mlatho ndi itatu yokha: wapakati ndi wa mamita 30, iwiri ya m'mbaliyo mamita 27 uliwonse. Zipilala za m'madzi ndi ziwiri basi, zosongoka ngati mphuno ya bwato, choncho madzi ndi mitengo yokokoloka zimapeza podutsa. Mwala uliwonse umakankha unzake, kulemera konse n'kutsikira m'zipilala ndi m'magombe. Kwa ine luso lenileni lili pamenepa, kunsi kwa mlatho, ngakhale alendo ambiri maso amangokhala pa golide wa m'mawindo.

Tinyumba tolendewerato tinabwera pambuyo pake. Eni mashopu ataona kuti malo awachepera, anawonjezera zipinda chakumtsinje n'kuzichirikiza ndi mitengo yopendeka. N'chifukwa chake sitifanana kukula ngakhale mtundu.

Kwa nthawi yaitali pamlathopo panali ogulitsa nyama, ndipo zotsala ankangoponya mumtsinje. Mu 1565 Cosimo I wa banja la Medici, yemwe ankalamulira mzindawo, analamula mmisiri Giorgio Vasari kuti amange njira yofolera, yodutsa pamwamba pa mashopu, kuchokera ku nyumba ya boma ya Palazzo Vecchio kukafika ku nyumba ya banja lake ya Palazzo Pitti, kutsidya kwa mtsinje, n'cholinga choti aziyenda osakumana ndi anthu wamba. A banja la Mannelli anakana kuti nsanja yawo ya kumapeto kwa mlathowo igwetsedwe, moti mpaka lero njirayo imachita kuizungulira. Zimandisangalatsa kuti ngakhale mwini mzinda anapatuka. Fungo la nyama lija linatopetsa a Medici, ndipo mu 1593 Ferdinando I, mwana wa Cosimo, anachotsa ogulitsa nyama n'kuikapo osula golide. Malonda ake akadali omwewo.

Mu Ogasiti 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a Germany, pothawa mumzindawo, anaphulitsa milatho ina yonse ya ku Florence koma uwu anausiya. M'malo mwake anagwetsa nyumba zakale za kutsidya lino ndi lija kuti njira itsekeke. Kenako pa 4 Novembala 1966 Arno anasefukiranso. Madzi anaboola makoma a mashopu n'kutenga katundu wambiri, koma mipata itatu ija ndi zipilala zake sizinasunthe.