Yankho kwa achemwali pa za mwana amene amasokoneza mitundu

Achemwali, ndamvetsera uthenga wanu kawiri konse, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi singakwane m'mizere iwiri. Mwafunsa chifukwa chake mnyamata wathuyu amatola pensulo yofiira akauzidwa kuti atole yobiriwira, komanso ngati vutoli labwera chifukwa cha chinachake chimene munalephera kumupatsa ali wakhanda. Poyamba ndikufuna mukhazike mtima pansi, chifukwa palibe chimene munalakwitsa.

Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, ndipo m'maselo ake muli puloteni yotchedwa opsin imene yagwirira kachinthu kakang'ono kochokera ku vitamini A, dzina lake retinal. Mumdima kachinthuka kamakhala kopindika ngati chala chokhotetsa, koma kuwala kukangokakhudza kamawongoka, kamakankha puloteniyo kuti isinthe kaimidwe kake, ndipo uthenga umayamba ulendo wopita ku ubongo. Kuona konse kumayambira pa kuwongoka kumeneku. Mu 1876, wasayansi Franz Boll anaona kuti retina ya chule wosungidwa mumdima imakhala yofiirira, koma akaitulutsira poyera imafwifwa iye akuyang'ana. Patapita zaka, wasayansi wina, George Wald, anasonyeza kuti vitamini A ndiye ali pakati pa zonsezi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1967. N'chifukwa chake munthu wosowa vitamini A amavutika kuona kukada. Koma limenelo ndi vuto lina, si la mwana wathu.

Maselo amene amaona mitundu alipo a magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi opsin yakeyake. Retinal ndi yomweyo m'magulu onse. Chimene chimasiyana ndi puloteni yoizungulira, imene imaichititsa kuti imve kwambiri kuwala kwa mafunde otalika nanomita pafupifupi 420, kapena 530, kapena 560 (nanomita ndi muyeso waung'ono kwambiri wa utali, ndipo utali wa mafunde a kuwala ndi umene umasiyanitsa mitundu). Selo limodzi palokha silidziwa mtundu uliwonse. Ubongo ndi umene umayerekezera kuti gulu ili ladzuka mwamphamvu bwanji poyerekeza ndi linzake, kenako n'kugamula kuti ichi n'chofiira, icho n'chobiriwira.

Tsono mbali imene imandigwira mtima ndi mbiri ya mapuloteni amenewa. Makolo akalekale a nyama za msana anali ndi magulu anayi a opsin zoonera mitundu, ndipo mbalame, abuluzi ndi nsomba zambiri zidakali nawo mpaka lero, moti mbalame zambiri zimaona kuwala kwa ultraviolet kumene ife sitikuona n'komwe. Nyama zoyamwitsa zinataya magulu awiri, ndipo asayansi ambiri amati zinatero chifukwa chokhala zaka mamiliyoni ochuluka zikuyenda usiku pa nthawi ya ma dinosaur, pamene kuona mumdima kunali kofunika kuposa kusiyanitsa mitundu. Ndiye galu, mphaka ndi ng'ombe zinatsala ndi awiri okha. Si zoona kuti galu amangoona zoyera ndi zakuda, pakuti buluu ndi chikasu amaziona bwinobwino, koma mukaponya mpira wofiira m'udzu wobiriwira mudzaona akuufuna ndi mphuno ngakhale uli pafupi ndi mapazi ake.

Ife tinapeza gulu lachitatu mochedwa. Zaka zoposa 30 miliyoni zapitazo, mwa makolo a anyani a ku Africa ndi Asia komanso a anthu, jini imodzi ya opsin (jini ndi malangizo otengera kwa makolo amene amauza thupi mmene lipangire puloteni) inakopedwa n'kukhala ziwiri zogundizana, ndipo m'kupita kwa mibadwo imodzi inapendekera ku kuwala kofiira, inayo ku kobiriwira. Mwina zinathandiza kuona chipatso chakupsa kapena tsamba lanthete pakati pa masamba okhwima. Mu 1986, wasayansi Jeremy Nathans ndi anzake anawerenga majini amenewa ndipo anapeza kuti awiriwa amafanana pafupifupi 96 pa 100 iliyonse. Malo atatu okha m'puloteni yonseyo ndi amene amabweretsa kusiyana kwakukulu. Popeza ndi ofanana chonchi komanso ali moyandikana, pa nthawi imene thupi likupanga mbewu yoberekera amatha kusakanikirana, ina n'kusowa kapena kutuluka theka iyi theka iyo. Mwana wobadwa ndi jini yoteroyo amaona chofiira ndi chobiriwira ngati zapachibale kwambiri.

Majini awiriwa amakhala pa kromozomu X (kromozomu ndi kaulusi ka m'selo konyamula majini). Mkazi ali ndi ma X awiri, choncho imodzi ikakhala ndi vuto inayo imagwira ntchito, pamene mwamuna ali ndi imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake. Mukukumbukira kuti bambo athu ankanyamula malaya awiri n'kupita nawo pawindo kukafunsa amayi kuti obiriwira ndi ati? Ine ndikukhulupirira kuti anali ndi vuto lomweli. Ngati ndi choncho, X yawo anakupatsani inu, ndipo mwana wanu wamwamuna aliyense anali ndi mwayi wa theka woilandira. Ine sanandipatse, chifukwa bambo amapatsa mwana wamwamuna kromozomu Y, osati X. Vutoli si lachilendo ayi: pakati pa azungu a kumpoto kwa Ulaya limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse, ngakhale kuti mwa anthu akuda ndi locheperapo. Wasayansi John Dalton analongosola za maso ake omwe mu 1794, ndipo mu 1995 atapima DNA ya diso lake losungidwa anapeza kuti analibe jini ya chobiriwira.

Chimene ndikupempha n'chakuti mupite naye kwa dokotala wa maso kuti akamuyeze ndi zithunzi za madontho zimene Shinobu Ishihara anakonza mu 1917, zimene mwana amangotchula nambala yobisika pakati pa madonthowo. Vuto lobadwa nalo silikula ndipo silichititsa khungu, ngakhale kuti mankhwala olichotsa palibe. Akatsimikizira, muwauze aphunzitsi ake kuti asamudzudzule pa mapu ndi zojambula, ndipo inu mulembe dzina la mtundu pa pensulo iliyonse asanapite kusukulu Lolemba.