Madzi anu akuyenda ngati phala? Musathamangire kugula kompyuta ina

Wina wandilembera imelo kuti madzi amene akupanga mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira zithunzi ndi makanema a 3D, akuyenda ngati phala, ndiye akufunsa ngati agule kompyuta yamphamvu. Achimwene, langizo loti "gulani makina" ndalimva mpaka kutopa nalo.

Ine ndinayamba ndi laputopu yakale, yotentha moti siinkaikika pamiyendo. Ndinkaisiya ikuwerengera madzi otsanuliridwa m'kapu, magetsi n'kuzima pakati pa usiku, m'mawa kuyambiranso. Anzanga ankati ndisiye zibwana, ndizijambula maukwati basi, kumene kuli ndalama. Ndalamazo zilikodi, sindikana. Koma kudikirako n'kumene kunandichititsa kufufuza chimene makinawo amachedwa nacho.

Kayendedwe ka madzi kamafotokozedwa ndi masamu a Navier-Stokes, amene Claude-Louis Navier anayamba mu 1822, George Stokes n'kudzawakonza mu 1845. Ndi ovuta moti mu 2000 a Clay Mathematics Institute anaikapo mphoto ya madola 1 miliyoni. Kompyuta imangoyerekeza: imagawa malo m'timabokosi, m'kalikonse n'kuwerengera liwiro ndi kukankhana kwa madzi, kenako n'kuonetsetsa kuti olowa afanane ndi otuluka, poti madzi safinyika. Mu 1999 Jos Stam anapeza njira yoti mawerengedwewa asasokonekere ngakhale mudumphe nthawi yaitali, koma imafafaniza timafunde ting'onoting'ono. Njira ina yotchedwa FLIP, imene Blender imagwiritsa ntchito, imachepetsa vutoli posungitsa liwiro m'timadontho toyenda ndi madziwo.

Tsono tamverani. Mukachulukitsa kawiri resolution, kutanthauza chiwerengero cha timabokosi m'mbali iliyonse, timabokosi timachuluka ka 8, chifukwa mwawonjezera m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Masitepe a nthawi nawonso amafunika kuchuluka. Makina othamanga kawiri angakuthandizeni chiyani pamenepo? Amene amakuuzani kuti mugule asanaone fayilo yanu akufuna kukutayitsani ndalama, ndikunenetsa.

Chochita

Yezani kapu yanu. Bokosi limene Blender imayamba nalo ndi la mamita 2, ndipo ambiri amaumba kapu pomwepo osaichepetsa. Chinthu chimatenga nthawi yotalikirapo kuti chigwe mamita 2 kusiyana ndi masentimita 10, choncho madziwo amaoneka aulesi pomwe masamu sanalakwe. Konzani kukula, chepetsani domain (bokosi limene madzi amawerengedweramo) ikwane madzi okhawo, onaninso ngati simunayatse viscosity, imene imalimbitsa madzi ngati phala. Yesani pa resolution yotsika kaye, muikweze kayendedwe kakakusangalatsani.