Msonkho, mtulo ndi nkhokwe za Farao

Mphunzitsi wina wa ku Katoto, kuno ku Mzuzu, wafunsa kuti: "Ndikuphunzitsa za Egypt wakale, kumene alimi ankapereka tirigu kunkhokwe za Farao. Ndinene kuti ankapereka msonkho kapena mtulo? Nanga mawu akuti nkhokwe akuyenera pamenepa?"

Aphunzitsi, nenani msonkho. Mtulo umachokera ku mneni kutula: munthu amasenza dengu la mapira, nyama kapena mnyanga wa njovu n'kukatula pakhomo pa mfumu, monga ankachitira mafumu a Amaravi kwa Kalonga ku Mankhamba. Mtulo ndi ulemu, koma umasiyira mfumu ngongole. Njala ikagwa, mfumuyo iyenera kutsekula nkhokwe n'kudyetsa anthu ake. Ikaumira, anthu amaithawa n'kukagwira mwendo kwa ina, ufumu n'kugwedezeka.

Msonkho umachokera ku kusonkha, kuika pamodzi, monga timasonkhera nkhuni pamoto. Uli ndi muyezo ndi kaundula. Ku Egypt alembi ankayeza minda n'kulemba tirigu woyenera kuchokera m'munda uliwonse, ndipo tirigu yemweyo ndiye anali malipiro a antchito a boma. Samalaninso mneni: mlimi amakhoma msonkho, boma limakhometsa kapena kutolera, wothawa amazemba.

Thangata musamulowetsepo, chonde. Ameneyo ndi ntchito yomwe anthu ankagwira mokakamizidwa m'minda ya azungu, imodzi mwa nkhani zomwe zinaukiritsa John Chilembwe mu 1915.

Nkhokwe ndi mawu oyenera ndithu, chifukwa amatsata ntchito, osati zomangira. Yathu yakumudzi ndi yolukidwa ndi nsungwi, ya denga la udzu, yokwezedwa pamiyala kuti chinyezi ndi chiswe zisafike. Chimanga chikalowamo chisanaume chimachita chuku, ndipo anankafumbwe sachedwa. Za ku Egypt zinali za njerwa zadothi, zozungulira, tirigu ankathirira pamwamba n'kumatapira pakakhomo kam'munsi. Ngakhale zasimenti za ku Kanengo timati nkhokwe.

Mawuwa sasintha zikachuluka: nkhokwe iyi yadzaza, nkhokwe izi zadzaza, osati "mankhokwe". Ana olankhula Chitumbuka akazunguzika, auzeni kuti ndi nthamba.